Chipinda cha achinyamata pachipatala cha kwathu ku Mulanje: kodi chikuwamva ana a zaka 10 mpaka 14?

Ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo ya chithandizo chokomera achinyamata, yomwe inakhazikitsidwa mu 2007, imawerengera aliyense wa zaka 10 mpaka 24, koma mwana wa Sitandade 5 ndi mnyamata amene akuthyola tiyi kuesiteti salankhula mofanana pa nkhani za thupi lawo. Monga mmodzi wa amayi oyang'anira atsikana pasukulu yapulayimale, ndakhala ndikuperekeza ana kuchipinda cha achinyamata cha pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu, ndipo chiweruzo changa n'chakuti ogwira ntchito kumeneko amadziwa kumvetsera ana, koma dongosolo la chipindacho linakonzedwa poganizira achinyamata okulirapo.

Mwana wa zaka 11 kapena 12 safunsa molunjika. Amayamba ndi mawu akuti, "Anamwino, pali mnzanga wina amene akuti akumva kuwawa m'mimba akakhala kumwezi," ndipo wamkulu aliyense amazindikira kuti mnzakeyo ndi mwini wake yemweyo. Chimene ndimayamikira kwambiri n'chakuti anamwino a pamalopa safunsa dzina la mnzakeyo, koma amayankha mwaulemu kuti, "Ukamuuze mnzakoyo kuti zimenezi zimachitikira atsikana ambiri," ndipo mwanayo amatuluka atathandizidwa popanda kuchititsidwa manyazi. Palinso bokosi limene ana amaponyamo mafunso olemba papepala opanda dzina, ndipo mafunsowo amayankhidwa pagulu. M'bokosimo ndi mmene mumatuluka zimene ana amauzana kumjigo ndi panjira yochokera kusukulu: kuti mtsikana sangatenge mimba akagonana koyamba, kuti amene sanayambe kusamba ndi wotetezeka, kapena kuti mnyamata akatulutsa umuna kutulo ndiye kuti wadwala. Mayankho ake amakhala achindunji. Anamwino amafotokoza kuti dzira limakhwima pafupifupi masabata awiri msambo usanabwere, choncho mtsikana angathe kutenga pakati ngakhale asanaonepo msambo wake woyamba, ndiponso kuti zimene zimachitikira anyamata kutulo ndi chizindikiro chabe cha kutha msinkhu.

Kuno kwathu ana ambiri amamva nkhanizi koyamba kuchinamwali, kwa anankungwi, kapena kwa azakhali ndi agogo, chifukwa mwambo sulola kholo kukamba zoterezi ndi mwana wake womubereka. Ogwira ntchito m'chipindachi sanyoza chinamwali, ndipo akuchita bwino, popeza mwana amene wamva agogo ake akunyozedwa sabweranso. Komabe pa nkhani ya kusasa fumbi sazengereza: amanena poyera kuti palibe mwana amene khungu lake lidzatuwe kapena amene adzadwale chifukwa chokana kugonana atatuluka kutsimba, ndiponso kuti wamkulu wogona ndi mwana wapalamula mlandu. Amawauzanso kuti malamulo a dziko lino, makamaka kuyambira 2017, saloleza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndi kuti mwana wa zaka 13 angathe kuyezetsa magazi kuti adziwe ngati ali ndi kachilombo ka HIV mwa kufuna kwake. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera, zomwe zikusonyeza kuti kuyembekezera zaka 15 kuti tiyambe kukamba nawo ndi kuchedwa.

Zofooka zilipo, ndipo chachikulu ndi kusakaniza misinkhu. Pamene achinyamata a zaka 19 ndi 20 akukambirana za njira zolera ndi makondomu, ana aang'ono amakhala kumbuyo ali chete, nthawi zina akusekedwa pa funso limene kwa iwo ndi lalikulu, ndipo anyamata aang'ono ndi amene amasiya msanga kubwera. Khomo la chipindacho layang'anizana ndi pamene amayi a kusikelo amakhala pamzere, kotero kuti mwana amaopa kuonedwa ndi oyandikana nawo nyumba amene angakanene kwa makolo kuti wayamba zibwenzi. Nambala yaulere ya 116 yothandiza ana inalembedwa pakhoma, koma ana a msinkhu umenewu amadalira foni ya makolo awo, yomwe sangaimbire mobisa. Ndimaonanso kuti katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, amabayidwa mofulumira, osagwiritsa ntchito mpatawo kufotokozera mwanayo za chiwalo chimene chikutetezedwa.

Makolo ndi aphunzitsi angathe kutumiza ana awo kuchipindachi ndi mtima wokhazikika, makamaka akaperekezedwa ndi azakhali kapena amayi a pasukulu amene adzadikire panja. Ku komiti ya zaumoyo ya m'dera lathu ndikupempha kuti ana a zaka 10 mpaka 14 apatsidwe tsiku laokha Loweruka, atsikana ndi anyamata padera, ndiponso kuti bokosi lina la mafunso liikidwe kusukulu kuti anamwino azikalitenga kumeneko.