Njira ziwiri zogawira mawu a Chiklingon

Wophunzira Chiklingon, chiyankhulo chimene Marc Okrand anapangira mafilimu a Star Trek ndi kuchilembera dikishonale mu 1985, angagawe mawu potsata maphatikizo a malembo kapena potsata tsinde ndi aphatikiri ake.

Njira ya maphatikizo imathandiza katchulidwe. Phatikizo lililonse limayamba ndi lembo lopanda liwu, kenako lembo la liwu, ndipo kawirikawiri limatsekedwa ndi lembo lina lopanda liwu, zimene zimavuta ife amene tinazolowera maphatikizo othera pa lembo la liwu. Apa pamafunika kusamala kwambiri, chifukwa tlh, ch, gh ndi ng amatengedwa ngati lembo limodzi, pamene chizindikiro cha ' nachonso ndi lembo lathunthu lotsekera mpweya pakhosi. Choncho tlhIngan amagawidwa tlhI-ngan, ndipo ng ameneyu amamveka ngati ng' wa mu ng'ombe.

Njira ya tsinde imaunikira tanthauzo. Mu jIyajbe', jI akuimira woyankhula, yaj ndi kumvetsa, ndipo be' ndi kukana, kotero kuti mawu onsewo akuti sindikumvetsa.

Nthawi zambiri njira ziwirizi zimadula mawu pamalo amodzimodzi, popeza masinde ndi aphatikiri ochuluka ali ndi phatikizo limodzi lokha. Zimasiyana pa mphatikiri oy, wosonyeza chikondi, amene amayamba ndi lembo la liwu: vavoy, kuchokera ku vav kutanthauza bambo, amatchulidwa va-voy ngakhale kapangidwe kake ndi vav-oy. Ine ndimalangiza woyamba kumene kuti agwiritsitse njira ya tsinde, pakuti ndiyo imamuthandiza kupeza mawu m'dikishonale.