Kilt yachikale ya ku Scotland: nsalu ndi yabwino, koma ntchito yoivala ndi yanu

Ndinagula kilt (chovala cha amuna a ku Scotland chooneka ngati siketi) yachikale, imene eni ake amaitcha féileadh mòr kapena great kilt, pa sitolo ina yaing'ono mu Edinburgh, ndipo ndaivala mokwanira kuti ndinenepo maganizo anga. Ndine wokhutira nayo. Koma wogula adziwiretu chimene akulipirira, chifukwa ambiri akamva za kilt amaganiza za ija yosokedwa kale, ya timalamba m'mbali, imene abambo amavala paukwati. Iyi si imeneyo ayi.

M'phukusi munali nsalu imodzi yaitali ya ubweya wa nkhosa, mayadi 5 mulitali ndi masentimita pafupifupi 150 mulifupi. Mulibe batani, zipi kapena msoko uliwonse. Umu ndi mmene amuna a kumapiri a Highlands ankavalira kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, kungoti nsalu zawo zinkaombedwa zopapatiza, ndiye ankalumikiza ziwiri pakati. Kilt yaifupi ija inadzatchuka m'zaka za m'ma 1700.

Nkhani yagona pa kavalidwe. Mumayala lamba pansi, nsalu pamwamba pake. Kenako mumagwada n'kuyamba kupinda chigawo chapakati ndi manja, pang'onopang'ono, motsata mizere ya nsaluyo, kusiya mbali ziwiri zakumapeto zosapinda. Mukatha mumagona chagada pamwamba pake, m'mphepete mwa nsalu mutalekeza kuseri kwa mawondo, n'kukokera mbali yakumanja pamimba, yakumanzere pamwamba pake, ndi kumanga lamba. Mukadzuka, theka lina lonse limagwa n'kumalendewera kumiyendo. Limeneli mumalinyamula kulikoleka paphewa lakumanzere ndi pini yaikulu, kapena kulipisa mu lamba. Zimafuna malo. Nyumba zambiri za lendi kuno ku Glasgow n'zopanikizika, moti ine ndimayamba ndasuntha tebulo. Zimafunanso kufatsa, chifukwa mukapinda mothamanga kumbuyo kumatupa mbali imodzi ndipo aliyense amaona. Manja akazolowera zimayenda msanga, komabe si chovala chodzuka nacho mochedwa basi ikudikira. Masitolo ena amasokeratu zopindazo ndi kuika tizingwe todutsamo lamba. Amene ali ndi vuto la msana kapena mawondo afunse zimenezo asanalipire.

Ubwino wake weniweni ndinauona panja, ku masewera achikhalidwe a ku Scotland otchedwa Highland Games, tsiku la mphepo ndi mvula yowaza ija yosaleka. Anzanga a majekete ankanjenjemera. Ine ndinangomasula pini n'kufunda theka lapamwamba mpaka kumutu, ngati mmene amayi athu amachitira ndi chitenje mvula ikawapeza kumsika. Ubweya wa nkhosa umasungabe kutentha ngakhale utanyowa, ndipo madzi sanafike pa shati. Pamenepo m'pomwe ndinamvetsa kuti anthu akale aja sankavalira kutchena. Masana chinali chovala, usiku kutchire chinali chofunda. Nsalu yopisidwa mu lamba ija imapanganso matumba aakulu moti botolo la madzi limalowamo, zimene sporran, kachikwama kolendewera kutsogolo kaja, singakwanitse.

M'nyumba ndi nkhani ina. Pa gule wa ceilidh ndinatuluka thukuta kwadzaoneni, ndipo poyendetsa galimoto nsalu imaunjikana kumsana. Ya paukwati kapena ya mu holo yotentha, gulani yaifupi.

Posankha tartan, kutanthauza mtundu wa mizere yopingasana ya pansalu, ndinatenga Black Watch, ya mizere yobiriwira, yabuluu ndi yakuda. Sindine wa fuko lililonse la ku Scotland, ndipo imeneyi aliyense ndi womasuka kuvala. Ikugwirizananso ndi chovala chachikalechi, poti asilikali a gulu lankhondo lotchedwa Black Watch ankavaladi nsalu yaitali yomanga ndi lamba. Nkhondo ya ku Culloden itatha mu 1746, boma la Britain linaletsa amuna a ku Highlands kuvala zovala zimenezi, kupatula asilikali ake, mpaka lamulolo linachotsedwa mu 1782. Zoti fuko lililonse lili ndi tartan yakeyake zinakula m'zaka za m'ma 1800, makamaka Mfumu George IV itacheza ku Edinburgh mu 1822. Choncho wogulitsa asakuopsezeni kuti mulibe ufulu wovala. Mukakayikira dzina la tartan imene akukuonetsani, onani pa intaneti mu kaundula wa ma tartan wotchedwa Scottish Register of Tartans. Palibe amene anandiyang'ana ndi diso loipa. Achikulire ena atamva kuti kwathu ndi ku Blantyre anayamba kundifotokozera za Blantyre wawo, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, kwinaku akundikonzera nsalu paphewa.

Madandaulo ndili nawo. Malangizo amene sitoloyo inaika m'phukusi ndi kapepala kamodzi ka zithunzi zosaoneka bwino, pomwe katunduyo anali woposa mapaundi 250. Munthu woyamba kumene sangaphunzirepo kanthu. Lamba amene anandigulitsa limodzi ndi nsalu ndi wopyapyala, amapindika ndipo nsalu imatsetsereka mukayenda kamtunda. Ndinakagula wina wachikopa chokhuthala, wotambalala, ndipo vuto linathera pomwepo. M'mapeto mmene anadula nsalu sanakonzemo, moti ulusi unayamba kusomphoka mpaka telala atandikonzera. Izi akanayenera kunena pogulitsa.

Nsalu yokhayo ndilibe nayo mawu. Ndinasankha ya 13 oz, umene ndi muyeso wa kulemera kwa nsalu pa yadi imodzi. Ya 16 oz ndi yabwino pa kilt yaifupi, koma pa mayadi onsewa ingakulemereni tsiku lonse. Musakopeke ndi zotchipa zodzaza m'masitolo a alendo odzaona malo: zambiri si ubweya wa nkhosa, zimanyezimira, sizigwira zopinda, ndipo mphepo ikawomba zimauluka.

Musaiponye m'makina ochapira, ingafupike n'kulimba. Ikanyowa iyanikeni pamthunzi podutsa mphepo, matope akauma muwachotse ndi bulashi, ndipo ikada kwambiri ipite kwa a dry cleaning. Poisunga ikhale youma bwinobwino, m'thumba lotseka, chifukwa njenjete za m'nyumba zakale za kuno zimaukonda ubweya wa nkhosa.