Kodi chithunzi cha mzere uno chili mu fayilo iti? Kuyerekeza njira zitatu za mu SQL Server

Mabungwe ena kuno ku Ntcheu, kaya a alimi a kachewere a ku Tsangano, kaya osunga ndi kubwereketsa ndalama pa boma, amasunga zithunzi za zitupa za mamembala ndi mafomu ojambulidwa m'kati mwa database momwemo. Disiki ikayamba kudzaza, kapena fayilo imodzi ikayamba kuvuta poiwerenga, inu amene mumayang'anira seva mumafuna kudziwa kuti chithunzi cha membala wakuti chagona mu fayilo iti, ya .mdf (fayilo yoyamba ya database) kapena imodzi mwa za .ndf (mafayilo oonjezera). Pali njira zitatu zimene anzathu amatsata, koma siziyankha funso limodzimodzi.

SQL Server, pulogalamu ya database ya Microsoft, imasunga zinthu m'mapeji a 8 KB, ndipo mzere umodzi wa mu table (monga wa membala mmodzi) sungapitirire mabayiti 8,060 pa peji yake. Column ya varbinary(max), yosungira zinthu monga zithunzi, imene inabwera mu 2005 kudzalowa m'malo mwa mtundu wakale wotchedwa image, imatha kunyamula mpaka 2 GB. Chithunzi chikakhala chosaposa mabayiti 8,000, malo n'kukhalapo, chimakhala mu mzere momwemo, koma chikakula chimatumizidwa ku mapeji ena otchedwa LOB_DATA, ndipo mu mzere mumangotsala cholozera chosonyeza kumene chapita.

Njira yoyamba, imene ambiri amathamangira chifukwa chosavuta, ndiyo kulemba SELECT sys.fn_PhysLocFormatter(%%physloc%%) pa table yanu, ndi WHERE yosankha mzere umene mukuufuna. Imagwira ntchito kuyambira mu SQL Server 2008, ndipo imabweza manambala atatu monga (1:2750:4), kutanthauza fayilo 1, peji 2750, malo nambala 4 pa pejiyo, kuwerengera kuyambira pa ziro. Yankholi ndi loona, koma ndi la mzere, osati la chithunzi. Ngati table inapangidwa ndi TEXTIMAGE_ON (yosankhira kosungira zinthu zikuluzikulu) yolozera ku filegroup ina (filegroup ndi gulu la mafayilo a database), mzere ukhoza kukhala mu fayilo 1 pamene chithunzi chake chili pa disiki ina kotheratu, ndipo munthu wodalira yankho lokhali akhoza kutsimikizira abwana ake kuti zithunzi ndi zotetezeka pomwe zili mu fayilo imene ikuwonongekayo. Njirayi imakwanira pokhapokha chithunzi chili chaching'ono chokhala mu mzere, ndipo DATALENGTH idzakuuzani kukula kwake musanaganize china chilichonse.

Njira yachiwiri ndiyo kufunsa database za table yonse. Mu sys.tables muli lob_data_space_id, imene mukaigwirizanitsa ndi sys.filegroups komanso sys.database_files imakuonetsani filegroup yosunga zinthu zikuluzikulu za table imeneyo ndi mafayilo ake onse, mayina ndi disiki imene ali. Ubwino wake ndi wakuti Microsoft inalongosola zimenezi m'mabuku ake, sizilemetsa seva, ndipo mukhoza kuzichita masana anthu ali pa mzere kudikira thandizo. Filegroup ikakhala ndi fayilo imodzi yokha, funso lanu layankhidwa pomwepo, ndipo palibe chifukwa chopitirira. M'maofesi ang'onoang'ono, mmene database imakhazikitsidwa popanda kuigawa, nthawi zambiri zimathera apa.

Vuto limabwera mafayilo akakhala awiri kapena kuposerapo. Apa mukhoza kuonjezera sys.dm_db_database_page_allocations, imene inabwera mu 2012 kudzachita ntchito ya DBCC IND yakale, ndipo imatchula peji iliyonse ya table, mtundu wake ndi nambala ya fayilo imene ili. Mukasankha za LOB_DATA zokha n'kuziwerengera molingana ndi allocated_page_file_id, mudzadziwa kuti fayilo iliyonse yanyamula mapeji angati. Sidzakuuzani kuti peji yakuti ndi ya membala uti, ndipo mukaiyendetsa mwa DETAILED pa table yaikulu imawerenga peji iliyonse, zimene pa seva yofooka zimachedwetsa ntchito ya onse. Ngakhale sys.dm_db_page_info ya mu 2019 imangoonetsa mutu wa peji, sitsatira cholozera.

Njira yachitatu ndi yokhayo imene imalondola chithunzi cha mzere umodzi mpaka pamene chagona. Mumayamba ndi manambala a njira yoyamba aja, mumatsegula DBCC TRACEON (3604) kuti zotsatira zioneke pa sikirini, kenaka mumalemba DBCC PAGE ndi dzina la database, nambala ya fayilo, nambala ya peji ndi 3. Pa malo a mzere wanu mudzaona cholozera chija, chokhala ndi RowId yotchula fayilo ndi peji imene chidutswa cha chithunzi chili. Chithunzi chikakhala chachikulu, cholozeracho chimakufikitsani pa peji ya TEXT_TREE, imene nayonso imalozera mapeji ena, ndipo muyenera kutsegula iliyonse. Ntchitoyi ndi yamanja, yotopetsa, imafuna mphamvu za sysadmin, ndipo DBCC PAGE si lamulo limene Microsoft inalonjeza kuti lidzakhala chimodzimodzi mpaka kale. Ine ndimalangiza kuti muichite pa kope lobwezeretsedwa kuchokera ku backup, pa kompyuta ina, chifukwa m'mapejiwo mumaoneka mayina ndi manambala a zitupa za anthu, ndipo zinthu zimenezi siziyenera kukhala pa sikirini ya mu ofesi yodutsamo aliyense.

Amene wafika pa njira yachitatu amazindikira chimene njira zina zija zimabisa, chakuti funso lathu likuganizira fayilo imodzi pamene mwina palibe fayilo imodzi. Fomu yojambulidwa ya 5 MB imafuna mapeji oposa 640, ndipo SQL Server imagawa malo pakati pa mafayilo a filegroup molingana ndi mpata wotsala mu iliyonse, kawirikawiri m'magulu a mapeji 8, kapena kuti 64 KB. Zili ngati matumba a mlimi mmodzi pa msika wa Lizulu, amene apakiridwa m'malole atatu malinga ndi pamene panali malo. Choncho fayilo imodzi ikawonongeka, musayembekeze kuti zithunzi za m'mafayilo enawo zapulumuka zathunthu, pakuti zambiri mwa izo zili ndi zidutswa mu yowonongekayo. Komanso peji ya TEXT_MIX imatha kusunga tizidutswa ta mizere ingapo, moti peji imodzi yoipa ikhoza kukhudza mamembala angapo.

Kwa amene mukugwiritsa ntchito FILESTREAM, yomwe inayamba mu 2008, nkhani ndi ina: chithunzi chilichonse chimakhala fayilo yakeyake mu foda ya NTFS, ngakhale kuti PathName() imapereka njira yoti pulogalamu idutsire, osati malo enieni pa disiki. 

Pa njira zitatuzi, ine ndimayamba ndi yachiwiri, ndipo ndimaona kuti ndi imene imathandiza pa zisankho zenizeni, monga kugula disiki ina kapena kusamutsa fayilo. Yachitatu ndi ya pamene DBCC CHECKDB, imene imafufuza zowonongeka mu database, yatchula peji yowonongeka ndipo mukufuna kutsimikiza ngati fomu ya membala wakuti yakhudzidwa. Ngati cholinga chanu ndi kuchotsa zithunzi pa disiki yodzaza, dziwani kuti kumanganso clustered index (imene imasunga mizere ya table mu ndondomeko) pa filegroup yatsopano ndi DROP_EXISTING kumasamutsa mizere yokha, mapeji a LOB_DATA n'kutsala pomwe anali. Njira yodalirika ndiyo kupanga table yatsopano yokhala ndi TEXTIMAGE_ON yolozera kumene mukufuna, kukoperamo mizere pang'onopang'ono, kenaka kusinthanitsa mayina. DBCC SHRINKFILE ndi EMPTYFILE nayo imatha kukhuthulira fayilo m'mafayilo anzake a filegroup yomweyo, koma pa mapeji a LOB imayenda pang'onopang'ono kwambiri, choncho muiyambe mutatenga backup, ofesi itatsekedwa, ndipo batire la seva lili lodzaza kuti magetsi akazima ntchito isadukire pakati.