Praat, ELAN kapena Audacity: tiyambe ndi iti pojambula Chichewa cha ku Angónia?

Anzanga amene mwayamba kujambula malankhulidwe a kwathu kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, mapulogalamu a pakompyuta atatu onsewa ndi aulere. Ine ndimati yambani ndi ELAN, ngakhale kuti amene ndimamukonda kwambiri ndi Praat.

Praat anamupanga Paul Boersma ndi David Weenink ku yunivesite ya Amsterdam, ndipo ntchito yake ndi kuyeza mawu. Tengani liwu loti mtengo. Polemba ndi limodzi, koma mtengo wa mango mawu amakwera pa "te", pamene mtengo wa chimanga pamsika wa Ulongwe mawu amangoyenda pansi. Mu Praat kusiyana kumeneku mumakuona ndi maso, kamzere kabuluu kakukwera pa liwu lina, pa linzake kali chigonere. Chimodzimodzinso "pala" ndi "phala", kampweya kotsatira "ph" kaja mumakayeza m'mamilisekondi. Musaiwale kusintha malire a pitch, ndiko kuti kukwera ndi kutsika kwa mawu: mawu a bambo kuyambira 75 kufika 300 Hz, a mayi 100 kufika 500 Hz, apo ayi kamzereko kamadumphadumpha n'kukunamizani. Chovuta chake n'chakuti zonse zili m'Chingerezi, ndipo kulemberamo nthano ya ola lathunthu n'kotopetsa zedi.

Nthano zazitali n'za ELAN, wochokera ku Max Planck Institute ku Nijmegen. Amalandira kanema ndi mawu pamodzi, ndipo mumayala mizere yolembapo zimene zikuyankhulidwa mmene mukufunira. Ine ndimaika mzere wa agogo osimba nthano, wina wa ana oyankha kuti "tili tonse", wachitatu wa kumasulira m'Chipwitikizi. Menyu ake amathekanso kuwasinthira m'Chipwitikizi, zomwe zimatipeputsira ife amene sukulu tinaphunzira m'chiyankhulo chimenechi. Masiku oyamba amazunguza mutu, osabisa. Koma mukazolowera, mafayilo a TextGrid, momwe Praat amasungiramo zolemba zanu, amayenda bwinobwino pakati pa ELAN ndi Praat, choncho liwu lokukayikitsani mumangolitenga kukaliyeza uko.

Audacity ndi wojambulira, kudulira ndi kusinthira mafayilo a mawu. Pa iyeyu ndinapsa nazo. Ndinajambula agogo ena aakazi pakhonde pawo, chigayo chikulira chapafupi, nkhuku nazo osatonthola. Nditafika kunyumba ndinachotsa phokosolo ndi Noise Reduction, zinamveka zosalala, ndipo fayilo yoyamba ija ndinaifufuta. Potsegula mu Praat ndinapeza kampweya ka "ph", "th" ndi "kh" katafooka pamodzi ndi phokoso, moti sindikanathanso kukayeza mokhulupirika. Zinandiwawa, chifukwa agogowo anataya tsiku lawo la kumunda kuti andisimbire.

Kuyambira pamenepo ndimajambula mu WAV, mtundu wa fayilo wosafinya mawu, pa 44.1 kHz, osati MP3 kapena mauthenga a mawu a pa WhatsApp amene amafinyidwa. Fayilo yoyamba ndimaisunga pawiri osaikhudza, yokopera ndiyo ndimalowa nayo mu ELAN. Ndisanayatse makina ndimayamba ndafunsa eni khomo kuti chigayo chimatseka nthawi yanji.