Kope la Ebenezeri: mmene timakumbukira kukhulupirika kwa Mulungu kuno ku Joni

Abale athu kumudzi, ambiri mumafunsa ngati kuno ku Joni timapempherabe. Timapemphera. Mipingo ya Amalawi ilipo ndithu, a CCAP, Akatolika, a Seventh Day, a Pentekoste, ena m'makalasi a sukulu, ena m'magalaja, ena m'maholo olipira pa ola. Kupempha sikuvuta kuno. Munthu wa ganyu ya tsiku limodzi, wogona mumkuku wa malata, masiku 30 a pachidindo cha pasipoti anatha kalekale, sachita kuphunzitsidwa kugwada. Chimene chimatayika msanga ndi kukumbukira kuti zimene tinapempha zija Mulungu anachita nazo chiyani.

Kumudzi nyengo imakukumbutsani yokha. Mukakolola mumadziwa kuti Lamulungu la masika layandikira. Mayi amapatula dengu la chimanga, mtedza, mwina nkhuku, n'kupita nazo kutsogolo mpingo wonse ukuona. Kuno kulibe munda. Malipiro akalowa kumapeto kwa mwezi, masiku atatu asanathe agawika kale: lendi, takisi, magetsi, ndi za pa Mukuru kapena Hello Paisa zobwera kwa inu. Palibe chimene munthu angagwire m'manja n'kunena kuti ichi ndi chimene Mulungu wandipatsa chaka chino. Zaka zimadutsa akungowerenga zimene sizinatheke. Amayamba ndi kudandaula, kenako kujomba kutchalitchi, kenako inu mumangomva kuti uje anatchona.

Pa Deuteronomo 26 Mwisraeli wobweretsa dengu la zipatso zoyamba sankangolitula n'kubwerera. Ankayenera kunena pakamwa mbiri yonse: kuti kholo lake linali munthu woyendayenda, linatsikira ku Ejipito ndi anthu owerengeka, anazunzidwa kumeneko, analira, Mulungu anamva. Mawuwo anali mbali ya choperekacho. Ife dengu tilibe, koma mawuwo tingathe kuwasunga, ndipo njira imene yagwira ntchito bwino m'magulu a mapemphero kuno ndi kope.

Kope lake likhale lachikuto cholimba, longa la ngongole la m'golosale. Tsamba lililonse muligawe m'mizere inayi yotsika: tsiku limene pempho labwera, pempho lenilenilo, tsiku la yankho, ndi mmene yankholo linabwerera. Pempho lilembedwe moti pakapita miyezi munthu angathe kunena kuti lachitika kapena ayi. "Mulungu adalitse banja langa" ndi pemphero labwino, koma m'kope silithandiza, chifukwa palibe tsiku limene mlembi angaikepo chizindikiro. Lembani kuti ntchito ya pamwezi m'malo mwa maganyu, kapena fizi ya mwana wa Fomu 4 ilipidwe mayeso asanayambe, kapena mayi kumudzi atuluke m'chipatala. Mzere wachinayi uli ndi mayankho atatu okha: anapereka, anapereka china, tikudikirabe. Yankho lachitatuli lisachititse manyazi, ndipo mlembi asalifufute kuti kope lioneke bwino.

Kopeli asunge mlembi, ndipo mkulu wa mpingo mmodzi kapena mayi wamkulu wa chigwirizano aziliona naye mwezi uliwonse. Likakhala m'manja mwa munthu mmodzi, iye akasamukira ku Cape Town kapena akatengedwa kupita ku Lindela, kumene amasungirako obwera oyembekezera kubwezedwa kwawo, mbiri ya gulu lonse imapita naye. Musalembemo nambala ya pasipoti, dzina la bambo, dzina la bwana, kapena matenda amene mwini wake sanavomere kuti alembedwe. Dzina loyamba likwanira. Kumapeto kwa mwezi jambulani masamba atsopano pafoni za anthu awiri, chifukwa m'miyezi yozizira ya June ndi July mikuku imapsa kawirikawiri ndi mbaula za palafini ndi makandulo, ndipo pepala silipulumuka. Zithunzizo zisapite pagulu la WhatsApp. Nkhani ya mapepala a munthu ikangolowa pagulu, mawa ili m'manja mwa amene anakangana naye pa ngongole.

Kulemba kokha sikukumbutsa munthu. Kope liyenera kuwerengedwa mokweza, kawiri pachaka. Nthawi yoyamba ndi Lamulungu loyandikira 6 July, poti Amalawi amakhala akufuna kale kukumana pokumbukira ufulu wa dziko lathu. A Seventh Day amatenga Loweruka lake. Yachiwiri ndi kumapeto kwa November. Ambiri amafuna usiku wa 31 December, koma kuno tsikuli limakhumudwitsa. Makampani a zomangamanga amatseka pakati pa December, mabasi a ku Park Station amadzaza ndi opita kumudzi, ndipo amene atsala amaopa kuyenda usiku umenewo. Mumapezeka kuti theka la mayina a m'kope eni ake palibe.

Mwambo usapitirire maola atatu, ndipo uthe 3 koloko masana. Mu July dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, pamene amayi ochokera ku Tembisa, Diepsloot kapena Cosmo City ali ndi matakisi awiri oti akwere, ena akuyembekezeka kwa abwana madzulo omwewo. Ndondomeko yake ndi yosavuta: nyimbo, kuwerenga Mawu, mlembi awerenge kope, maumboni, kutchula amene anatisiya, chopereka, chakudya. Pa anthu 40 thumba la ufa la makilogalamu 12.5 limakwana bwino. Ndiwo zikhale nyemba, masamba ndi nkhuku, ndipo ngati transipota wafika ndi usipa kapena utaka, umenewo ndiye umatha poyamba. Ophika ayambe m'mawa ndipo asinthane, kuti asakhale amayi omwewo chaka chilichonse amene amamva maumboni ali kumbuyo kwa mapoto.

Pamene zinthu zimasokonekera kwambiri ndi pa maumboni. Akasiyidwa opanda malire, woyamba kuimirira amakhala amene wagula galimoto kapena wamaliza nyumba ku Area 25. Amalankhula theka la ola, anthu amaomba m'manja, ndipo mnyamata amene umboni wake ndi woti sanagone ndi njala chaka chonse amakhala pansi osayankhulanso. Apa Mulungu sakumbukiridwa, akukumbukiridwa ndi mwini galimoto. Mankhwala ake ndi malire. Munthu aliyense mphindi zitatu, maumboni asapose 12, monga miyala ija Yoswa anatenga mu Yordano n'kuimika ku Giligala. Aliyense ayankhe mafunso atatu: ndinali pati, ndinapempha chiyani, Mulungu anachita chiyani. Wotsogolera aitane poyamba a nkhani zooneka zazing'ono, wa galimoto abwere pamapeto.

Akulu amve umboni uliwonse sabata imodzi mwambo usanachitike. Izi ena amadana nazo, amati n'kutsekereza Mzimu, koma ife taona phindu lake. Pali amene amabwera ndi chiphaso chogula kwa munthu wa pakona n'kumachitcha chozizwitsa. Mpingo ukaombera m'manja zimenezo, achinyamata aphunzira kuti chinyengo chikayenda bwino ndiye dalitso, ndipo chiphasocho chikadzagwidwa ku Beitbridge adzati Mulungu wasintha maganizo. Pali amene umboni wawo umavula mkazi kapena mwamuna wawo pagulu. Palinso amene amatchula dzina la mneneri kasanu, madzi ndi mafuta amene anagula, dzina la Yesu kamodzi kumapeto. Zonsezi zimakonzeka mwaulemu pambali, zisanafike pa maikolofoni. Ndipo wina asajambule vidiyo popanda chilolezo cha wolankhula.

Za chopereka, gwirizanani ntchito yake musanasonkhe, osati ndalama zili patebulo. Awerenge anthu atatu, awiri asaine, msungichuma alengeze tsiku lomwelo. Chisasakanizidwe ndi thumba la maliro. Kutumiza thupi kumudzi kumafuna chikalata cha imfa, chikalata choti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, zilolezo za aboma la kuno, kalata ya ku ofesi ya kazembe wathu, ndi galimoto yodutsa zipata zitatu, Beitbridge, Nyamapanda ndi Zobue, mpaka kulowa pa Mwanza. Ndalama zake ndi zambiri ndipo zimafunika mwadzidzidzi. Gulu limene linabwereka za maliro kuti ligule zokuzira mawu za tsiku lothokoza limadzalira kawiri.

Masamba oyambirira a kope asiyidwe kuti alembedwe za tonse, zimene mwana wobadwira kuno sangazidziwe ngati sitimuuza. Mulembedwe za agogo athu a Wenela ndi Theba, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za kumigodi, ndi ndege imene inagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera kumigodi, mpaka Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi ya kuno. Mulembedwe May 2008, pamene zipolowe zothamangitsa obwera zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ambiri n'kumagona m'mabwalo a polisi ndi m'maholo a matchalitchi m'nyengo yozizira. Mulembedwe April 2015 ku Durban, pamene boma lathu linatumiza mabasi kudzatenga anthu. Mulembedwe 27 March 2020, tsiku limene dziko lino linatsekedwa chifukwa cha Covid-19, maganyu n'kuima, obwera ambiri osapeza nawo thandizo, magulu a mapemphero n'kumagawana ufa m'timapepala. Mulembedwenso moto wa pa 31 August 2023 m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, umene unapha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi anzathu.

Ena amafunsa chifukwa chake zowawa zotere ziwerengedwe pa tsiku lothokoza. Yankho lili pa mwala umene kopeli linatengera dzina. Pa 1 Samueli 7:12 Samueli anaimika mwala n'kuutcha Ebenezeri, kunena kuti kufikira pano Yehova watithandiza. Koma mukabwerera pa chaputala 4, dzina lomwelo ndi la malo amene Aisraeli anamanga misasa asanagonjetsedwe, likasa la chipangano n'kulandidwa. Samueli sanabise kugonjako. Mawu a pa Maliro 3:22-23, onena kuti chifundo chake chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse ndipo kukhulupirika kwake n'kwakukulu, ananenedwa Yerusalemu ali bwinja. Mpingo umene umakumbukira zokoma zokha umaphunzitsa anthu ake kuti Mulungu ndi wokhulupirika pokhapokha zikuyenda, ndipo anthu otere tsiku la zipolowe amakhala opanda chogwira. Pa mndandanda wa zowawawo mlembi awonjezere zimene zinachitikadi m'gulu lawo: amene anabisa mnzake m'nyumba, mwini nyumba wa kuno amene anakhululuka lendi, mpingo wa eni dziko umene unatsegula chitseko. Zimenezi zinachitika m'malo ambiri, ndipo zikapanda kulembedwa timangotsala ndi mkwiyo.

Amene mzere wawo ukunenabe kuti tikudikirabe asadumphidwe. Mlembi awerenge mayina awo, mpingo uime, mkulu awapempherere mmodzimmodzi, ndipo pempho lawo likopedwe patsamba latsopano ndi tsiku lake loyamba lomwe lija. Mayi amene wadikira mwana zaka zambiri, bambo amene mapepala ake sakutuluka, aone kuti mpingo sunatope nawo. Habakuku 3:17-18 ndi mawu oyenera nthawi imeneyi. Wina asawauze kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa kapena kuti chakhumi chawo sichikukwana.

Inu akumudzi muli ndi gawo lalikulu kuposa mmene mumaganizira, chifukwa mapempho ambiri a m'kope ndi anu. Mumatumiza uthenga kuti mvula yadula, kuti agogo agonekedwa ku Queens kapena ku Central, kuti madzi a namondwe Freddy mu March 2023 anakokolola munda. Gulu limasala kudya, limasonkha, limapemphera. Kenako zii. Uthenga wotsatira umakhala wa vuto lina. Chonde, zikayenda tiuzeni, ndi tsiku lake: agogo atuluka Lachitatu, mwana wakhoza mayeso, matumba tapeza mwakuti. Zikapanda kuyenda tiuzeninso. Popanda uthenga wanu mzere wachinayi umakhala wopanda kanthu, ndipo m'bale wanu kuno amayamba kuganiza kuti mapemphero ake ndi ndalama zake zimangogwera m'dzenje.

Wachibale akamanyamuka, mutengereni kalata ya mpingo, ndipo mlaga kapena mphakati umene wamupempherera ulembe tsikulo. Yakobo anaimika mwala ku Beteli akuthawa ndi ndodo yokha, ndipo pa Genesis 35 Mulungu anamuuza kuti abwerere komweko akamange guwa. Wobwera kuchokera kuno akafike pa gulu lomwe lija n'kunena zimene Mulungu wachita. Mpatseni mpata umenewo ngakhale wabwera pa basi ya othamangitsidwa ali ndi jumbo imodzi, monga momwe mukanaupatsira wobwera ndi ngolo yodzaza mafiriji. Kuno mlembi amamukopera masamba onse amene pali dzina lake asanakwere basi. Mukamulandira mufunseni pepala limenelo, ndipo mupatseni nthawi yoti aliwerenge yekha pamaso pa mpingo.