Clownfish yadwala khungu: formalin, kopa, chloroquine kapena kuchepetsa mchere?

Oweta nsomba za m'madzi amchere kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu ndife owerengeka, ndipo ambirife tinayamba ndi clownfish, kansomba ka mtundu wa olenji ka mizere yoyera kaja. N'kopirira, koma khungu lake likangosintha, funso limene timathamangira kufunsana ndi lakuti, "Ndithire mankhwala anji?" Tisanafike pa botolo, anzanga, tiyambe taonetsetsa nsombayo. Matenda atatu amene amaivutitsa amafanana ukangoona mothamanga, pomwe mankhwala opha kachilombo kena kachilombo kanzake sakasuntha n'komwe.

Odziwika kwambiri ndi ich, oyambitsidwa ndi Cryptocaryon irritans. Pa zipsepse ndi pathupi pamatuluka timadontho toyera tokula ngati njere ya mchere, toti mutha kutiwerenga. Nsomba imadzikhula pa miyala koma imadyabe. Pakatha masiku 3 mpaka 7 timadonthoto timasowa, mwini n'kumati yachira. Ayi ndithu, tizilomboto tangogwera pansi kukaswana.

Velvet, wa Amyloodinium ocellatum, sawerengeka. Zimitsani nyali ya thanki, muunike ndi tochi cham'mbali: thupi limaoneka lowazidwa fumbi lachikasu. Nthawi zambiri fumbilo lisanaoneke, makha amakhala atagwidwa kale, nsomba ikupuma mwawefuwefu, ikuthawa kuwala, ikukaima pamene pampu ikulavula madzi. Kachilombo kamodzi kakagwa pansi kamatha kubala tina 256.

Koma amene amakonda clownfish kuposa onse ndi Brooklynella hostilis, makamaka nsomba zogwidwa m'nyanja zimene zangofika kumene. Apa palibe madontho. Ntchofu ya pakhungu imachuluka, imayera mbuu, kuyambira kumutu kutsikira kumsana, kenako imayamba kusupuka n'kumalendewera ngati ulusi. Mtundu wa olenji uja umafwifwa, nsomba imakana chakudya, imagona pansi kapena kukhala pamwamba kukamwa kuli yasa. Tsiku limodzi kapena awiri, yapita. Kachilomboka kamagawikana pathupi pa nsomba pomwepo, sikafunika kugwera pansi, n'chifukwa chake kamafulumira chonchi.

Zina ziwiri zisakudyereni ndalama. Timadontho takuda timene timabwera nsomba ikamadzikhuza pa coral woluma (tamoyo ta m'nyanja tooneka ngati miyala kapena zomera) si matenda. Tinthu toyera totumphuka m'mphepete mwa zipsepse, timene timakhala pamalo amodzi milungu yambiri nsomba ikudya bwinobwino, kawirikawiri ndi lymphocystis, matenda a vayirasi opanda mankhwala, amene amatha okha madzi akakhala abwino.

Tsono mankhwala. Ndiyamba ndi formalin, yemwe uja amaumitsira matupi ku mochale, chifukwa pa Brooklynella ndiye wodalirika. Amene tikunena ndi wa 37 peresenti. Sathiridwa m'thanki yaikulu, nsomba imasambitsidwa m'ndowa yapadera: mamililita 1.5 m'malita 10 a madzi amchere ofunda mofanana ndi a m'thanki, kwa mphindi 45. Yezani ndi sirinji, osati ndi chitsekero cha botolo. Mukhale pomwepo mukuyang'ana. Ikayamba kupendekeka, itulutseni ngakhale nthawi isanakwane. Ikatuluka ipite m'thanki ina yoyera, isabwerere kumene inadwalira. Ena amabwereza pakapita masiku awiri kapena atatu, ena amatsatiza ndi metronidazole m'madzi a thanki ya mbindikiro.

Formalin ali ndi misampha iwiri imene imatikhudza ife a kumapiri kuposa anzathu a kumalo otsika. Woyamba ndi mpweya. Mankhwalawa amadya okosijeni wa m'madzi, ndipo tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumene madzi amasunga okosijeni wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere. Onjezani apo nsomba yoti makha ake atsekeka kale ndi ntchofu. Choncho pampu ya mpweya iyambe kuwiritsa madzi a m'ndowa theka la ola nsomba isanalowe, ndipo ngati simukukhulupirira kuti magetsi akhala, lumikizani ku inveta kapena mukhale ndi kapampu ka mabatire pambali. Msampha wachiwiri ndi kuzizira. Formalin wosungidwa pozizira kwambiri amagwetsa zoyera pansi pa botolo, paraformaldehyde, zimene ndi poizoni kwa nsomba. Botolo logona m'sitoro yapanja usiku wa Juni ndi Julayi ku Lizulu kapena ku Tsangano liyang'anitsitseni polipendeketsa pa kuwala. Likakhala ndi mitambo kapena zansenga pansi, musaligwiritse ntchito. Lisungeni m'kabati ya m'nyumba, kutali ndi ana. Pothira valani magolovesi, mawindo ali otsegula, chifukwa formalin amayambitsa khansa. Nsomba ya zilonda zofiira zotseguka isasambitsidwe m'menemo.

Kopa, mankhwala a mkuwa (copper), ndi wosiyana pa zonse. Pa ich ndi velvet ndiye amene ndimamudalira, koma pa Brooklynella mungataye naye nthawi nsomba n'kufa. Sachita changu: sapha tizilombo tokwiririka m'khungu kapena togona pansi, amangodikira ana akamasambira kufunafuna nsomba. Ndiye mlingo wake uyenera kukhala wokwanira usana ndi usiku, masiku 30. Ukatsika tsiku limodzi, ana apulumuka, muyambirenso kuwerenga. Ukakwera kwambiri, wapha nsomba. Pamene ambiri amasokonezeka m'pakuti kopa ali mitundumitundu. Copper sulphate wamba amafuna mamiligalamu 0.15 mpaka 0.2 pa lita, kopa wa m'botolo lotchedwa Cupramine amafuna 0.5, pomwe wa Copper Power amafuna kupitirira 2. Kutenga nambala ya botolo lina kukayezera botolo lina ndi kupha nsomba ndi manja anu. Musagule kopa popanda choyezera chake, ndipo mlingo muukweze pang'onopang'ono kwa masiku angapo, pokhapokha ngati ndi velvet amene sadikira.

Kopa salowa m'thanki yokongoletsa. Amapha coral, anemone (kamoyo ka m'nyanja kooneka ngati duwa), nkhono ndi nkhanu, ndipo miyala ya laimu ndi mchenga zimamumwa n'kumadzamulavula mtsogolo. Thanki ya mbindikiro ikhale yopanda kanthu pansi, muikemo zidutswa za paipi yapulasitiki zobisalamo nsomba, hita ndi pampu, basi. Cupramine asakumane ndi formalin kapena mankhwala ochotsa ammonia (poizoni wochokera m'zonyansa za nsomba) m'madzi amodzi, chifukwa amasanduka woopsa kwambiri.

Chloroquine phosphate pa pepala amaoneka wopambana onse: amagwira ich, velvet, ndipo ambiri amamugwiritsanso ntchito pa Brooklynella, pa mlingo wa mamiligalamu 10 mpaka 15 pa lita. Clownfish imamupirira bwino. Akuluakulu akumukumbukira ndi kuwawa kwake ndi kuyabwa kuja; dziko lino linasiya kumudalira pa malungo mu 1993, n'kutenga SP. Kumupeza lero si chapafupi, ndipo vuto lalikulu n'lakuti woweta wamba alibe choyezera kuti m'madzi watsala wochuluka bwanji. Kuwala kumamuwononga, mabakiteriya a m'sefa amamudya, inu muli phee kuganiza kuti mankhwala akugwira ntchito. Mukamupeza kudzera kwa dokotala wa ziweto, ali ufa wodziwika mphamvu yake, m'thanki yatsopano yamdima, ndi wabwino. Wa m'kapepala kopanda dzina musiyeni.

Njira yochepetsa mchere imakopa chifukwa cha thumba. Mchere wa nsombazi umachokera kunja, ndiye kumva kuti mlingo wa mchere m'madzi utsitsidwe kuchoka pa 1.025 kufika pa 1.009 kwa masiku 30 kumamveka ngati mwayi. Imagwira ich yekha. Velvet ndi Brooklynella samva. Imafunanso refractometer (choyezera mchere m'madzi) yoyezedwa bwino, chifukwa kachoyezera kapulasitiki ka muvi kaja kamanama, ndipo malire ake ndi opyapyala: madzi akauma pang'ono m'mwezi wa Okutobala, mchere wakwera, tizilombo tapulumuka. pH, mlingo wa asidi m'madzi, nayo imakonda kutsika. Pobwezera mchere musapitirire 0.002 patsiku. Ndipo musaiphatikize ndi kopa. Ine ndimaiika kumapeto.

Imene ndimaona kuti ikutiyenera pa ich ndi yosamutsa nsomba. Pamafunika zidebe ziwiri, hita ziwiri, mapaipi a mpweya atsopano. Maola 72 asanakwane nsomba imasamukira m'chidebe china cha madzi atsopano, chakale chija n'kuchitsuka ndi Jik, kuchitsukuluza, kuchiyanika padzuwa mpaka chiume gwa. Kusamutsa kanayi, pafupifupi masiku 13, tizilombo tonse timene tinagwa timatsala m'mbuyo tisanaswe. Palibe poizoni, palibe choyezera chodula. Mtengo wake ndi mchere wochuluka ndi kusaiwala nthawi, komanso kuyang'anira ammonia popeza mulibe sefa yokhwima ya mabakiteriya omuchotsa. Kwa clownfish ziwiri m'malita 20 n'zotheka. Kwa nsomba zambiri n'zotopetsa. Pa velvet musadalire maola 72 amenewa, iye amaswa msanga.

Kuviika nsomba m'madzi opanda mchere kwa mphindi 3 mpaka 5 si kuchiza, ndi chithandizo choyamba. Madziwo akhale opanda klorini, ofunda mofanana ndi a m'thanki, pH yokwezedwa ndi soda wophikira pang'ono. Tizilombo tambiri ta m'makha timayoyoka, nsomba imapeza mpata wopuma pamene mukusakasaka formalin kapena kopa. Adyo ndi timabotolo tolembedwa kuti n'totetezeka ku coral tingathandize nsomba kudya, koma pa matenda atatuwa musaikepo chiyembekezo.

Mukasowa chogwira pakati pa velvet ndi Brooklynella, poti onse amapumitsa nsomba mwawefuwefu, ine ndimayamba ndi kuviika m'madzi opanda mchere, kenako kusambitsa mu formalin nsomba ikapumulako, n'kuisamutsira m'thanki yoyera. Fumbi lachikasu likaonekera, kopa atsatire. Amene muli ndi mnzanu wodziwa maikulosikopu, monga ophunzira za ulimi wa nsomba ku Bunda, kantchofu kopalidwa pakhungu kamathetsa mkangano mu mphindi zochepa.

Njira iliyonse imene mwasankha, nsomba zonse zituluke m'thanki yaikulu, ngakhale zooneka zathanzi, thankiyo ikhale yopanda nsomba: milungu 6 pa velvet ndi Brooklynella, masiku 76 pa ich. Apa m'pamene nyengo yathu imalowereranso. Ich wogona pansi amachedwa kuswa madzi akazizira, ndipo wapezekapo akuswa patatha masiku 72. Ambiri nsomba zikatuluka amazimitsa hita kuti apulumutse mayunitsi, osadziwa kuti akusungira kachilombo. Isiyeni iyake pa madigiri 26 kapena 27, thanki muikutire bulangete m'mbali usiku, ndipo ngati magetsi anazima nthawi yaitali madzi n'kuzizira m'mwezi wa Julayi, onjezerani masiku musanabwezeremo nsomba.