Makaniko wa injini za maboti ku Monkey Bay: dzanja labwino, koma sasunga nthawi

Injini ya boti lathu la usipa inkazima tikangoonjezera moto, ndipo makaniko amene amagwira ntchito pafupi ndi doko ku Monkey Bay sanathamangire kumasula kabuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) monga amachitira ena. Anayamba ndi kakabowo kolowetsa mpweya pachivindikiro cha thanki, chifukwa kakatsekeka petulo amalephera kuyenda, kenako anafinya kapampu ka papaipi kuti aone ngati kakulimba. Vuto analipeza m'fyuluta, momwe munali madzi ndi zinyalala zochokera ku petulo wa m'zigubu, ndipo zina zinali zitatseka kale jeti ya kabuleta, kachitsulo kokhala ndi bowo laling'ono lodutsa petulo. Anaitsuka ndi mpweya, osati ndi waya umene umakulitsa bowo, nasintha mapulagi amene anada chifukwa cha oyilo wochuluka. Anatikumbutsanso kuti injini zambiri za two-stroke, zomwe oyilo wake amasakanizidwa ndi petulo, zimafuna lita imodzi ya oyilo pa malita 50 a petulo.

Mtengo wake unali woyenera, ndipo zipangizo zakale anatibwezera tisanafunse. Chodandaulitsa n'chakuti salonjeza zoona pa nthawi: ananena kuti amaliza m'mawa, koma injini tinailandira madzulo, anzathu atalowa kale m'nyanja ndi nyali zawo.